Madisiki a mng'ono wanga pamoto

Ndinapeza amalume akuponya madisiki a kompyuta a mng'ono wanga pamoto kuseri kwa nkhokwe. Utsi wake unkanunkha ngati thayala.

"Amalume, mukutani?"

"Ndikupulumutsa mbumba. Choka apa."

Inali nthawi ya chipani chimodzi, kwathu ku Nsambe. Mng'ono wangayo ndinamuphunzitsa ndine, ndi ndalama za kachewere wa m'munda mwanga. Anapita kunja n'kukhala mmodzi mwa oyamba kufufuza mavairasi, timapulogalamu toipa tolowa m'kompyuta mobisa n'kuwononga ntchito za anthu. Zaka zonsezo ankawatolera pamadisiki kuti apeze njira yowagonjetsera. Sanasunge ena kwina kulikonse.

Vuto lake ndi pakamwa. Dzulo lake, atabwera kumudzi kudzakhala nawo pamaliro, anthu ali phee, anafotokoza mokweza kuti m'chikwama mwake muli zinthu zotha kupha makompyuta a ofesi iliyonse, ngakhale ya boma. Wapampando wa chipani anali pomwepo. Ndinamuponda phazi mng'ono wangayo kuti asiye. Iye anapitirizabe.

Tsono mng'ono wangayo atafika pamotopo anagwada n'kuyamba kuphula ndi manja. Madisiki onse anali atasungunuka.

"Amalume, ntchito yanga yonse! Inetu cholinga changa n'kuteteza makompyutawo!"

"Ukanakawauza apolisi zimenezo? Akanakutenga, mayi ako akanakakuonera kuti?"

Anzanga omvera, mpaka lero zimandiwawa. Wina sukulu yonse ija koma osadziwa potsekera pakamwa, wina kuyatsa moto osafunsa n'komwe. Kenako onse awiri anatembenukira kwa ine kuti nditchule wolakwa.

Ndinatola khasu langa n'kumapita kudimba.