Pikapu ya a Thomson Yavala Malata

A Thomson a ku Lirangwe ankaikonda pikapu yawo kuposa abale ena, koma miyala ya mumsewu inkangodula mawaya m'mphako za matayala, galimoto n'kufera pathengo, mpaka akazi awo, mayi Magret, analumbira kuti ikalephera kunyamula anthu a chinkhoswe cha mwana wawo Loweruka, aigulitsa kwa Sangwani wa golosale ya kumunsi kwa msika. Kugalaja a Thomson anakana, akuti kumeneko amaba masipeyala, ndiye anakaisiya pamtunda kwa a Benson okhoma zidebe ndi mbaula, n'kuwauza mawu awiri okha: mwala usalowe.

Loweruka m'mawa anaipeza itavala malata mbali zonse mpaka pansi, ngati mayi wa chitenje chachitali.

"A Benson, matayala ali kuti?"

"Ali m'kati, bwana. Onse anayi, ali bwinobwino."

"M'kati mwa chiyani?"

"Mwa malata. Munati mwala usalowe." A Benson anatola mwala, n'kuuponya ndi mphamvu. Lata linalira kuti phwaa, nkhuku n'kubalalika. "Mwaona? Wabwerera."

"Iii, mukugenda galimoto yanga?"

"Chidebe ndimachiyesa ndi madzi. Ichi ndachiyesa ndi miyala. Dzulo ndinaitananso akabaza adzandithandize."

"Nanga galasi ili lang'aluka bwanji?"

"Mmodzi anaphonya. Koma kutayala sikunalowe kanthu."

A Thomson anayang'ana galasi lija. Mtima unawawa, osanama, koma zoti mayi Magret adzanene kuti "ndinanena ine" zinali zowawa kuposa galasi. Anazungulira galimoto manja ali kumbuyo, ngati munthu amene anaitanitsa zimenezi dala.

"Ayi, ntchito ndi yaukhondo. Nanga chogwirira ichi n'cha chiyani?"

"Chinthu chamalata sichichoka pano chopanda chogwirira. Anthu angandiseke."

"Chabwino. Ndikafuna kukhota?"

A Benson anakanda m'mutu ndi hamala. "Kukhota simunanene."

"Galimoto imakhota, a Benson."

"Yanuyi ikhoza kuyesa, koma tayala ligunda lata."

"Zilibe kanthu. Msewu wa ku Mdeka, kumene kuli chinkhoswe, ndi wowongoka."

"Nanga pamlatho paja?"

"Ndati ndi wowongoka. Msewu umenewu ndinayamba kuuyenda inu musanagwire hamala."

Foni inalira m'thumba. Anali mayi Magret, ndipo mawu awo ankamveka mpaka kwa ogulitsa tomato: ankhoswe afika, nkhuku zamangidwa, malichero ali pakhonde, galimoto ili kuti?

"Ndikubwera, amayi. Yangotsala kupukuta basi," anatero a Thomson, n'kudula msangamsanga. Anakoka chitseko. Chitseko chinakana.

"Lata ndi limodzi kuchokera tayala lakutsogolo mpaka lakumbuyo," anafotokoza a Benson monyadira. "Ndikalidula pakati, pamenepo ndi pamene padontha."

"Ndilowera pati?"

"Za inu simunanene. Munanena za mwala."

"Ndi bwinonso. Zitseko zimangobweretsa fumbi."

A Thomson, mkulu wampingo wathunthu, jekete la chinkhoswe lili m'thupi, analowetsa mutu ndi mapewa pawindo, miyendo ikupalasa m'malere. Anapotokola kiyi. Kunali zii. Anapotokolanso, n'kutchera khutu. Ngakhale kutsokomola komwe, pikapu sinatsokomole.

"Batire yatha kapena?" anafunsa ali momwemo.

"Batire ilipo. Mwina ndi mawaya."

"Mawaya atani?"

"Palibe chimene atani. Ali m'nyumba."

Miyendo ija inasiya kupalasa. A Thomson anatuluka chammbuyo pang'onopang'ono, taye itakwera paphewa. A Benson anali atabwera kale ndi ndowa yatsopano yonyezimira, n'kuchotsa chivundikiro mwaulemu ngati akupereka mphatso.

"Ofiira paokha, akuda paokha. Ndawapinda bwino."

"Mwazula mawaya a galimoto yanga?"

"Munati miyala imawadula. M'nyumba mwanga mwala sunadulepo chilichonse."

"Mawaya amakhala m'galimoto, a Benson."

"Eya, ndi kumene amadukira."

Kunena zoona, apa munthuyo sananame.

"Nanga chingwe chachitsulo chonenepa ichi?"

"Chimenecho chinandivuta. Chimachokera pa kandodo mumakoka mukaima kaja, kupita kumatayala akumbuyo."

"Handibuleki imeneyo. Inali yakufa kale, ine ndimadalira mwala wa kutayala. Tiikankha."

"Ilira yopanda mawaya?"

"Pikapu iyi ndimaidziwa ine. Ikaona mtsetse imalira yokha. Chotsani mwala uja."

"Ndinayambira umenewo. Unali utatsamira tayala penipeni, wopanda n'manyazi omwe."

"Ndiye chikuigwira n'chiyani pamtunda pano?"

"Kaya. Mwina kulemera kwa malata."

"Ndi giya. Taimani uko muone."

"Ndiime, kapena ndione?"

"Zonse."

A Thomson anapisa dzanja pawindo, n'kukankha giya kuti ichoke. Maganizo awo anali akuti avule kaye jekete, kenako akwerere pawindo bwinobwino. Pikapu sinadikire jekete. Inasuntha pang'ono, malata akukwekwesa pansi, kenako inayamba ulendo yokhayokha, mowongoka ngati mmene mwini wake ananenera, kulunjika kumunsi kwa msika. Amayi a tomato anakoka mabeseni awo. Kutsogolo, pakhonde la golosale, Sangwani anadzuka pampando, n'kusuntha njinga yake kuti apereke malo.

"Yalira?" anafunsa a Benson.

"Siinalire, ikupita!"

"Munati mukufuna ipite."

"Osati kwa Sangwani!"

A Thomson analiyatsa liwiro, mkono umodzi uli m'jekete, wina ukufunafuna pogwira. Anapeza chogwirira chija n'kukakamira, nsapato zatsopano zikulima msewu. A Benson ankathamanga pambali pawo, ndowa ya mawaya ili m'manja, nkhope ili mwee.

"Mwaona phindu la chogwirira, bwana?"

"Mwala, a Benson. Tolani mwala muike kutayala."

A Benson anaika ndowa pansi, n'kutola chimwala chachikulu ndithu. Anathamanga nacho kutayala lakutsogolo, n'kuwerama. Anabwerera kulakumbuyo, n'kuweramanso. Kenako anaima pakati pa msewu, chimwala chili pachifuwa, akuyang'ana ntchito yawo ikutsetserekera pakhomo pa Sangwani, a Thomson akulendewera pambali.

"Ikani mwala, ndakupemphani!"

"Ndamva, bwana. Koma ulowera pati?"