Chingwe chimene azakhali anafa asanamasule

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Abusa, zikomo pondipatsa mpata. Ine ndine Esinati Nambewe, ambiri mumanditchula amake Limbani. Lero ndinena zinthu zimene sitinena pagulu. Amene muli ndi manyazi yang'anani pansi, koma makutu musatseke.

Ndinakwatiwa nthawi ya Chitaganya, Lilongwe akadali kaboma kakang'ono. Pano tikupempherapa panali tchire lokhalokha. Amuna anga, a Yohane, anali telala pakhonde la sitolo ya mmwenye, kutsidya kwa mlatho. Ine ndinkachapira anthu zovala kumtsinje wa Lilongwe. Tinali osauka, koma m'nyumba mwathu munali kuseka.

Mwana wathu woyamba anabadwa wakufa, ndipo ine ndinatsala pang'ono kumutsatira. Azakhali anga, a Nachisale, anabwera kuchokera kumudzi ndi chingwe cha mankhwala. Anandimanga m'chiuno, mfundo ziwiri. Anati mfundo iliyonse ndi chaka chimodzi chopumula osatenga pakati. Anandichenjeza kuti womasula ndi iwo okha. Ndikadula ndekha, ndiye kuti ndadzitsekera mpaka kumanda. Ndinali Mkhristu, inde. Koma ndinali wamantha, ndipo ndinalola.

Chaka chisanathe, azakhali anamwalira.

Zaka ziwiri zija zinakwana. Chachitatu chinadutsa. Chachisanu chinafika. Mimba ayi. Chingwe chimaola, abale, koma icho sichinkaola. Ndinkalowa nacho m'madzi tsiku ndi tsiku, chili chomwecho. Kenaka chinayamba kundithina. Anzanga ochapa nawo ankanong'onezana kuti a Nachisale anapita ndi nsonga inayo kumanda, akukoka. Ndipo ine kukokako ndinkakumva. Dzuwa lili paliwombo, nditawerama pamwala, ndinkamva chinthu chikundikoka m'chinena, pang'onopang'ono, monga amachitira munthu pofuna kuona ngati mbuzi yake ikadali pachingwe. Ndikatembenuka, palibe munthu. Madzi okha akuyenda.

Magazi ankabwera masiku osakhala ake. Pokhala malo amodzi ndi amuna anga ndinkamva kuwawa, koma sindinkanena. Tsiku lina ndinayenda mpaka kumudzi. Ndinaima kunja kwa manda, poti mkazi salowamo popanda maliro, ndipo ndinaitana. "Azakhali, ndimasuleni." Mitengo inangoti zii. Ngakhale kambalame sikanalire. Pobwerera, chingwe chinathina kuposa kale.

Ankhoswe anakhala pansi. A kuchimuna anati a Yohane sangakalambe ndi mkazi wogwidwa ndi munthu wakufa. Anatipatsa mpaka nyengo yokolola. Kukapanda mimba, ukwati utha, awapezera wina. A Yohane sanayankhe ngakhale liwu limodzi. Kukhala chete kumeneko kunandiwawa kuposa chingwe. Ndinati basi, nawonso avomera.

M'mawa wina ndinanyamuka kupita kumtsinje, koma ndinabwerera panjira chifukwa ndinaiwala sopo. Ndinapeza amuna anga kuseri kwa nyumba, akuchapa okha kabudula wawo wam'kati. Mwamuna wa mkazi wochapa, kuchapa yekha. Ndinayang'ana m'beseni. Madzi anali ofiira.

Anakhala pansi padothi, nayamba kulira ngati mwana. Anandiuza kuti akhala akukodza magazi kuyambira ali mnyamata wosambira kudambo, ndipo akuluakulu kwawo ankati n'chizindikiro chakuti wakula. Koma tsopano magaziwo ankaoneka ngakhale mu mbewu yawo ya abambo. Ankakhulupirira kuti olodzedwa ndi iwo, n'chifukwa chake pa bwalo lija anasowa pakamwa.

"Inu mukuti ndi azakhali anu," anatero. "Ine ndakhala ndikuti ndine."

Abale anga, zaka zisanu pa mphasa imodzi, aliyense atasenza maliro ake mobisa. Tinagwada pomwepo, pambali pa beseni. Sitinapemphere mawu ambiri. Tinangoti Ambuye, tatopa.

Kutchalitchi kwathu kunali mayi wina wachikulire, a Naphiri, mzamba pachipatala cha boma. Tinapita kwa iwo kuchipatalako tonse awiri. A Yohane anayenda kumbuyo kwanga atatsitsa chipewa, poti masiku amenewo mwamuna sankaoneka kumbali ya amayi. A Naphiri anatimvetsera mpaka tinamaliza. Kenaka anatenga pensulo ndi pepala.

Anajambula chiberekero, chonga chikho chozondoka. M'mbali mwake anajambula timachubu tiwiri, topyapyala ngati udzu, ndipo kumapeto kwa kalikonse kunali kathumba ka mazira. Anati mwezi uliwonse dzira limodzi limatuluka n'kuyenda m'kachubuko kudikira mbewu ya abambo. Chiberekero chimayala pogona mlendo, ndipo mlendo akapanda kubwera chimayalula. Ndiwo magazi a kumwezi aja. Anati dziralo limatuluka pakatikati pa kusamba kuwiri, osati ukangomaliza kumene monga anatilangira kuchinamwali. Anatembenuza pepala, najambulanso za abambo: mmene mbewu imapangidwira m'machende, ndi njira yake yodutsa pansi pa chikhodzodzo. A Yohane anayang'ana kudenga. A Naphiri anawauza kuti kudenga kulibe chawo, chawo chili papepala.

Kenaka anandifunsa. "Tsono mwana wanga, chingwe chakocho chili pati apa? Tandilozera."

Ndinayang'ana. Ndinati chili kunja.

"Nanga chakunja chingatseke bwanji njira ya m'kati?"

Anati akuganizira likodzo. Tizilombo take timalowa pakhungu munthu akamaima m'madzi, ndipo timapanga zilonda m'njira zonse zimene anajambula zija, za amayi ndi za abambo zomwe. Chingwe chinkathina chifukwa mimba yanga inali yotupa ndi matenda. Sichinkaola chifukwa chinali chopakidwa phula. Atatero anatola sizasi. Ndinawagwira dzanja kuti asadule chingwecho. Anandifunsa ngati ndikuopa Mulungu kapena a Nachisale. Ndinatsinzina. Ndinamva chingwe chikuduka. Ndinadikira kuti chinachake chichitike. Panja ng'ombe za ngolo zinkadutsa, basi.

"Azakhali ako akakhala ndi mawu," anatero a Naphiri, "abwere kwa ine. Ndimayamba seveni koloko."

Anatiyeza mkodzo. Likodzo, tonse awiri. Anatibaya majakisoni masabata angapo, majakisoni a kale aja, osanzitsa. A Yohane ankati bola chibonga cha wapolisi, poti chimagwa kamodzi. Ine ndinasiya kuima mumtsinje, ndinayamba kuchapira pachitsime. A Naphiri sanatinamize. Anati zipsera zikatseka machubu, ena sachira. Ife tichite mbali yathu, zotsalazo tisiyire Mwini wake.

Chimanga chinakololedwa. Mimba kunalibe. Ankhoswe anabwera monga anapangana. Ine ndinali nditamanga kale katundu wanga m'chitenje. Koma a Yohane anaimirira pamaso pa amalume awo.

"Wodwala sanali mkazi yekha. Inenso ndimakodza magazi, mbewu yanga inali yodwala. Mukandipezera wina, mukangomuzunza mwana wa eni. Uyu sapita."

Abambo muli muno, mukudziwa kulemera kwa mawu amenewo pakamwa pa mwamuna. Ankhoswe anayang'anana, nanyamuka osadya.

Tinadikiranso chaka chathunthu, tikuwerenga masiku monga anatiphunzitsira. Mvula yachiwiri itagwa, kumwezi sindinapite. Mwezi wina sindinapitenso. Sindinauze munthu mpaka mwana anagunda. Limbani anabadwira m'manja mwa a Naphiri, akulira mokweza. Aleluya! Pambuyo pake panabwera atsikana awiri.

Lero a Yohane anatsogola, anagona mwamtendere. Ine ndimakhala ku Area 15 kwa Limbani, amene amagwira ntchito kulikulu la boma. Maso afooka, koma ndimadya, ndimagona, ndimayenda ndekha kubwera kuno. Ndikuthokoza Mulungu amene anatiumba mwaluso m'kati ndi kunja komwe, natipatsa anthu odziwa kuwerenga ntchito ya manja ake. Inu amene mukulira monga ndinkalirira ine, pempherani, koma kukacha mupite kuchipatala awiri. Mayi asapite yekha.

Amene akusokosa kumbuyoko ndi adzukulu anga. Akulu ampingo, lero lokha musawakalipire. Phokoso limenelo ndinalipempha ndi misozi zaka zambiri. Ambuye alemekezeke. Ameni.