Macheka a pa Foni

A Lazaro, kalipentala wa pa Msundwe, analonjeza akuluakulu a mpingo kuti zitseko za tchalitchi zikhala zitatha pofika Lamulungu, poti macheka amagetsi amene anaitanitsa kunja pa intaneti anali m'njira. Lachinayi masana mkazi wawo, a Chrissy, anatsika minibasi ya ku tauni, nalowa m'shedi ali chimanjamanja.

"Katundu ali kuti, mayi a Mwayi? Mwamusiya pa siteji? Ndiitane wa kabaza?"

"Wa kabaza wa chiyani? Katundu ndili naye."

Anamasula mfundo ya chitenje, natulutsa kabokosi konga ka sopo. A Lazaro anatsegula. M'katimo munali timacheka, mpeni wake ngati chotsekera cha botolo la Fanta.

"Kodi ndi mwana wake ameneyu?" anafunsa a Chrissy. "Mayi ake akubwera pambuyo?"

A Lazaro anatitembenuzatembenuza m'manja. Kugonja sanakuzolowere.

"Ndi omwewo," anatero. "Akunja masiku ano amachepetsa zinthu. Mwaiwala kuti foni kale inali ngati njerwa?"

"Oho! Ndiye zitseko za tchalitchi nazo muzichepetsa?"

"Zitseko zalowa bwanji apa?"

"Ndimangofunsa. Abusa athu aja ndi athupi."

"Inu, malo a pa intaneti amenewa ndikuwadziwa! Suja ndinagulako timisomali tobowolera thabwa? Kutchipa kuposa kwa Amwenye, ndipo mpaka lero sitinathyoke."

"Eya, tija tinabwera tating'ono chifukwa ndi tating'ono."

A Lazaro anatulutsa foni. "Taonani chithunzi ichi! Mpeni wake ngati tayala la wilibala!"

A Chrissy anatenga timachekato, natigoneka pa foni. Tinakwana ndendende pa chithunzipo.

"Aa, koma anthu akunja ndi achilungamo," anatero mosilira. "Atumiza monga momwe alili pa chithunzi. Mukanaitanitsa pa TV bwenzi atabwera okulirapo."

"Sizimayenda choncho!"

"Nanga zimayenda bwanji?"

A Lazaro anatenga timachekato. Anakoka chingwe kupita pa soketi, koma pulagi inali ya mano awiri opyapyala. Anakankha, inakana. Anatembenuza, inakana.

"Dzino lina lagwera m'ndege, eti?"

"Khalani chete, mukusokoneza magetsi!"

Anatokosa m'soketi ndi kamtengo mpaka pulagi inalowa. Timacheka tinalira kuti *nziii*. A Chrissy anadziwomba pakhutu.

"Pepani, ndimayesa udzudzu."

"Mphamvu sikhala m'phokoso," anatero a Lazaro, natiika pa thabwa la mlombwa. Anakanikiza, thukuta kamukamu. Patapita nthawi anauzira pathabwapo. Panali kamzere konga pokanda mphaka.

"Mwaona? Ayamba."

"Ayambadi. Kodi munawauza Lamulungu la chaka chiti?"

"Akufunika kuzolowera mitengo ya kuno basi!"

Anakanikizanso mwamphamvu. Kunamveka *phwa!* Kautsi kanatuluka, fungo la pulasitiki n'kudzaza shedi yonse.

"Azolowera?" anafunsa a Chrissy.

A Lazaro anakhala pansi pa benchi. Anaona nkhope za akuluakulu a mpingo, anaona tchalitchi chili pululu, mbuzi zikulowa nthawi ya ulaliki.

"Tiwabweze," ananong'ona.

"Chabwino. Sitolo yake ili mbali iti? Ndikwere minibasi ya ku Mchinji kapena ya ku tauni?"

"Ili pa intaneti!"

"Ndiye alowetseni m'fonimo. Akwana, tayesa kale."

A Lazaro anagwira mutu ndi manja onse. "Basi. Kanditengereni macheka anga amanja aja."

"Ati? Tsiku munaitanitsa awa munati achikalewo ndikaponye m'chimbudzi."

"Kunali kungoyankhula kuja!"

"Ine ndinamva kuti m'chimbudzi."

"Mayo ine! Thamangani kwa a Saulosi, kalipentala mnzanga. Mukawauze kuti andibwereke awo. Koma za izi musakatchule, mwamva? Ndine ndinawaphunzitsa kuitanitsa."

A Chrissy anasuzumira pakhomo, nabwereranso akumwetulira.

"Musavutike, bambo a Mwayi. A Saulosi ndi awo akubwerawo, kabokosi kali m'manja. Akukuwa kuti muwabwereke anu amanja aja."