Mchere wa Mkazi Wamasiye

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni kuchokera kuno kwa Mphuka, m'mbali mwa Zambezi. Ine ndine amake Tisa, ndipo ndikufuna ndikuuzeni mmene ndinasandukira mzukwa ndikadali wamoyo.

Amuna anga anapita kukavuula maukonde, bwato linabwera lokha. Mtembo sunapezeke. Kwathu kuno mkazi wamasiye sathira mchere m'ndiwo za anthu, ndipo sadyera mbale imodzi ndi wina mpaka akuchimuna atamuyeretsa. Koma apongozi anga anati sangandiyeretse popanda manda, poti mwana wawo akuyendayendabe, ndipo akuyenda ndi ine. Mbale yanga inkakhala payokha pansi pa nkhokwe ngati ya galu. Anzanga omwe tinkaseka nawo kudooko ankandipatsa moni akuyang'ana kumbuyo kwanga, osati kumaso.

Kenako ndinayamba kumva nkhafi. Dzuwa lili paliwombo, mbalame zonse zili zii, ndinkamva gu, gu, mmene amuna anga ankagogodera bwato akafika kuti ndibwere ndi beseni. Ndikathamangira kudooko ndinkapeza madzi okhaokha. Ndinkaopa, komanso ndinkakondwa, chifukwa ndi iwo okha amene ankandiitanabe.

Tsiku lina ndinakutsatira kugogodako. Ndinayenda m'mphepete mwa mtsinje mabango akundicheka, mtima utatsimikiza kuti pomwe kukalekere ndilowa m'madzi pomwepo. Pemphero langa linali lalifupi: Ambuye, ngati kumtunda kuli wondifuna, andiitane. Madzi atandifika m'mawondo ndinamva mawu kumbuyo ondichenjeza za ng'ona.

"Imwe amai, pali ng'wena apo. Bwerani mundisenzetse ndowa."

Anali amai Lungu, amene amasamalira alendo pamalo a misonkhano ya mpingo, pomwe azimayi a m'midzi yathu anasonkhana kudzapemphera sabata imeneyo. Ndinawauza kuti ndine uja wosayeretsedwa. Anati akundidziwa, koma ndowa ikulemera. Pamalo pawopo mlendo salandiridwa ndi mpando, amalandiridwa ndi ntchito. Iwo amati munthu ukamupatsa mpando amakhala mlendo mpaka kalekale. Ndiye anandilowetsa kukhitchini, ndipo anthu akuona anandiika mchere m'manja, nandilozera mphika waukulu wa nyemba za msonkhano wonse. Ndinathira.

Nkhani ya mchereyo inafika pamphasa chakudya chisanafike. Azimayi omwe m'mawa ankaimba za mwazi wa Yesu mpaka kusasa mawu anangokhala osadya, mbale zili pamiyendo, ntchentche zikudyerera. Pakati pawo panali apongozi anga. Amai Lungu sanalalike. Anakhala pafupi nane, nakoka mbale yanga n'kuyamba kudya momwemo. Palibe anawatsatira. Ndinadziwa kuti anthuwa akadzuka osadya, ine ndibwerera kumtsinje komwe ndimapita.

Apongozi anayang'ana mbale yawo nthawi yaitali, onse akuyang'ana iwo. Kenako anapisa dzanja, nalawa. Anatafuna pang'onopang'ono, misozi ikutsikira m'makwinya.

"Mchere wochepa," anatero. "Ndi mmene ankakondera mwana wanga. Munkamudyetsa bwino, amake Tisa."

Ndinalira mokweza, kulira kumene sindinalire bwato litabwera lokha. Apongozi anandikokera pachifuwa pawo, ndipo tili chigwiranire choncho ndinamva ena ayamba kudya.

Ndikuyamika Mulungu amene anandiyankha ndisanamize mutu. Inu amene mumalandira alendo m'dzina la Yesu, musadikire kuti munthu ayere kaye, mupatseni chogwira. Ndipo inu amene anthu akukuthawani, limbani mtima, pempheranibe ngakhale mawu awiri okha. Msonkhano utatha ine sindinabwerere ndekha kumudzi. Apongozi anali patsogolo, ine pambuyo nditasenza katundu wawo, ndipo aliyense amene tinakumana naye m'njira ankamuuza kuti, "Uyu ndi mwana wanga wotsala."