Wamasiye wa pa Foni Ali ndi Mayi Ake

Pamzere wodikira basi, mayi wina wosoka zovala anaona nkhope yoidziwa pa foni ya bambo wovala tayi amene anaima patsogolo pake, ndipo analephera kuugwira mtima.

"Pepani bambo, chithunzicho mwachitenga kuti?"

"Chabwera pa gulu lathu la kuntchito, mayi. Mwanayu wapsa ndi madzi otentha, ndi wamasiye, ndipo akapanda kuchitidwa opaleshoni sabata ino timutaya. Akuti titumize kangachepe pa nambala ili m'munsiyi, uthengawu tipatsirenso anzathu."

"Wamasiye? Ndiye ine ndinamwalira liti?"

"Mukuti bwanji?"

"Mwanayo ndi wanga. Tachikulitsani chithunzicho. Mwaliona thumba lopendekeka pa diresipo? Ndinasoka ndekha ndi nsalu yotsala ya katani, makina akuvuta. Anapsa zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, mlamu wanga n'kumujambula, n'kuika pa intaneti kuti anthu atipempherere. Akuba anachitola pomwepo."

"Koma alemba kuti adokotala atsimikiza."

"Adokotala ake ati? Chipatala chake alemba? Mwanayo ali ku sekondale, bambo, wandiposa msinkhu, ndipo m'mawa uno wandiyankha mwano. Chaka ndi chaka amamudwalitsa pa mafoni, ine osaonako ngakhale bandeji."

"Kalanga ine! Ndatumiza kale kwa anthu makumi anayi."

"Palibe vuto. Basi sinafike, foni ili m'manja. Yambani kuwaimbira mmodzimmodzi. Muwauze kuti mayi a wamasiye uja mwakumana nawo, ali moyo, ndipo akwiya."