Mtsuko Wotsiriza wa Sosten

Olemekezeka Abusa Eugene Chimtengo pamodzi ndi amayi busa, amene mwalolera kukhala moyang'anizana ndi mabotolo popanda kudandaula. Olemekezeka wapampando wa bungwe lathu la Amalawi okhala kuno ku Indiana, Bambo Yohane Mwafulirwa. Olemekezeka amayi anzanga a Mvano amene tadiraiva limodzi kuchokera ku South Bend tikuimba njira yonse. Madokotala ndi aphunzitsi a m'mayunivesite. Anamwino anzanga amene mwasinthanitsa mashifiti kuti mupezeke pano, ndi inu amene mwangoweruka kumene mashifiti awiri otsatizana maso ali psuu. Ana athu amene mukundimva bwinobwino ngakhale muyankha m'Chingerezi. Ndipo pomaliza mwini malo ano, mlamu wanga Evelina. Landirani moni wanga nonse, ndipo ndikuthokozani chifukwa cha ulemu umene mwandipatsa masana ano.

Kwa amene simundidziwa, ndine Belinda Ndau, namwino wa ku South Bend, mlongo wake wamkulu wa malemu Sosten, amene anali mwamuna wa Evelina. Wapampando anena kuti ndabwera kudzadula riboni ya nyumba ya vinyo ino, imene mwini wake waitcha Pamtunda, ndipo riboniyo ndidula ndithu. Koma pali nkhani ina imene tonse timaidziwa ndipo takhala tikuizemba. Sosten anatisiya kumapeto kwa 2014, lero tili mu 2017, ndipo mkazi wake sanasudzulidwe. Ana inu mvetserani: kwathu mwamuna akamwalira, abale ake ndiwo amamasula mkazi wamasiye pamaso pa anthu, kuti avule zakuda ndi kuyambanso moyo wake, ndipo kumeneko ndiko kusudzula. Mwezi wa Juni ndinapita kumudzi kukafunsa akuluakulu za nkhaniyi, ndipo yankho lawo ndabwera nalo. Mundilole ndiyambe ndakwera nanu phiri, chifukwa mukapanda kuliona phirilo yankholo simulimvetsa.

Kwathu ndi kumapiri a Tsangano, kumtunda kwa Ntcheu, kumalire ndi Mozambiki. Ambiri a inu mumangodziwa kachewere wathu ndi kabichi wathu, amene mumagula pamsewu osatsika ngakhale m'basi, koma kukwera kumene zimachokerako simunakwere. Kumeneko mitambo siikhala kumwamba. Imagona m'zigwa, pansi pa mapazi athu, ndipo m'mawa imadzuka pang'onopang'ono, kudutsa m'munda wa tirigu, kulowa pakhomo, kunyowetsa bulangete, mpaka munthu umamva ng'ombe ikulira pafupi koma osaiona. Mayi athu ankatiitana m'chifungamo, ife nkumatsata mawu okha. Ikafika Ogasiti, mphepo ikadali yoluma makutu, mitengo ya mapichesi imachita maluwa isanatulutse tsamba ndi limodzi lomwe, ndipo phiri lonse limaoneka lofiirira kuchokera kumanda mpaka kuchitsime. Mpaka lero ndikatopa pa wodi, ndikatsinzina pang'ono, ndimaona maluwa amenewo akuyandama m'chifunga, ndipo mtima umandipweteka ndi kupukwa.

Mapichesiwo akapsa, chakumapeto kwa chaka, ankachuluka kuposa pakamwa pathu. Msewu unali woipa, malole sankafika, ndipo zipatso zinkangogwa mbwee, nkhumba nkumadya mpaka kukana. Bambo athu sankapirira kuona chinthu chikuola. Ali mnyamata anagwirako ntchito tsidya lija la malire, ndipo kumeneko anaona anthu akupanga vinyo. Atabwerera anati ngati mphesa kulibe, mapichesi alipo. Tinkasenda, tinkachotsa nthanga, tinkafinya ndi manja mpaka zala kuchita makwinya, madziwo nkumawira okha mumtsuko, kulira pansipansi ngati munthu wong'ung'udza. Akaleka kulira, bambo ankavundikira mtsukowo ndi mbale yadothi, kumata m'mbali ndi dongo, nkuukwirira m'dzenje kuseri kwa nkhokwe, mbali imene dzuwa silifika. Unkagona mmenemo mvula yonse mpaka chisanu cha Juni.

Pabanja pathu panali lamulo limodzi pa mtsuko umenewu, ndipo bambo sankaseka nalo. Womata ndiye womatula. Amene wamata mtsuko ndi manja ake, yekhayo ndiye amaswa dongolo, yekhayo ndiye amalawa koyamba anthu onse akuona, ndipo akatero m'pamene chikho chimazungulira. Tsiku limenelo mudzi wonse unkabwera utafunda zofunda, amuna nkuvina ngoma mpaka nthaka kunjenjemera, amayi nkumawomba m'manja, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi. Ine sindinalawepo, abusa, musandiyang'ane choncho. Ndinalowa Mvano ndili wamng'ono, ndipo ntchito yanga inali kutsuka zikho.

Sosten ndiye anatenga manja a bambo. Atafika ku South Bend kudzaphunzira, anakhala chaka chathunthu ali khuma, akuti dziko lanji ili lopanda ngakhale chulu choti munthu akwerepo. Tsiku lina anzake anapita naye kuminda ya zipatso ya ku Michigan, kungowoloka malire pang'ono, ndipo anandiimbira foni akufuula. Anati, “Achemwali, kuno kuli mapichesi! Eni ake akungowayang'ana!” Anabwera nawo odzaza buti ya galimoto, ndipo Evelina, amene anali atangokwatiwa kumene, anasenda mpaka kulira. Mitsuko yadothi kuno kulibe, choncho anagula mabotolo akuluakulu agalasi, koma iye ankawatchabe mitsuko, ndipo m'malo mwa dongo ankamata ndi phula.

Tsono tamverani chimene mwana wa kuphiri anachita. Anatenga fosholo nkukumba dzenje kuseri kwa nyumba ya lendi, mbali imene dzuwa silifika, monga momwe bambo ankachitira. Mzungu woyandikana naye anasuzumira pampanda, nkumuchenjeza kuti nthaka ya kuno imauma gwa ndi kuzizira. Sosten anaseka. Anandiuza kuti, “Achemwali, munthu ameneyu akufuna kuphunzitsa mwana wa ku Tsangano za chisanu?” Inenso ndinamuvomereza, chifukwa kwathu timanyada ndi kuzizira monga ena amanyadira nyanja. Sinowo, chipale chofewa chija, itasungunuka m'mwezi wa Marichi, tinasonkhana ndi zikho zathu, nyimbo tayamba kale. Anakumba, anakumba, nkupeza magalasi okhaokha ophwanyika ndi matope onunkhira mapichesi. Zonse zinali zitaundana ndi kuzizira nkuphulika. A Mwafulirwa, mukuseka chifukwa munalipo, ndipo ndinu amene munabwera ndi chikho chachikulu kuposa tonse. Sosten anakhala pansi pamatopepo, nkunena kuti, “Basi, chaka chino alawa ndi makolo.”

Kuyambira pamenepo mitsuko inkagona ku besimenti, kachipinda ka pansi pa nyumba, ndipo chaka ndi chaka tinkatsikira kumeneko, anthu a zigawo zonse, a ku Chitipa ndi a ku Nsanje omwe, kukaona Sosten akuswa phula. Kachipinda kopanda zenerako kankasanduka phiri. Ana ankavina ngoma atavala masokosi, ife nkumaimba nyimbo za kwathu, ndipo munthu ukatuluka panja unkadabwa kupeza magalimoto ndi sinowo.

M'mwezi wa Seputembala 2014 Sosten anamata mtsuko wake monga mwa masiku onse. Khirisimasi isanafike, mtima wake unaima ali kuntchito. Inu nomwe muli panowa munasonkha, munatigwira manja, ndipo thupi tinalitumiza kumudzi, ine nkuliperekeza. Evelina sanathe kupita. Mapepala ake okhalira kuno anali asanatuluke, ndipo akanatuluka m'dziko muno sakanaloledwa kubwerera kwa ana ake. Anaona maliro a mwamuna wake pa foni, atakhala pampando wa m'khitchini. Nthawi yosudzula itakwana, akuluakulu anati sangasudzule munthu amene sakumuona, ndipo nkhaniyo inangokhala choncho.

Mlamu wanga sanadandaule kwa munthu. Anavala zakuda, ndipo mukuona nokha kuti wavalabe mpaka lero, pa tsiku la chikondwerero chake chomwe. Atasamukira kuno ku Indianapolis, mtsuko wa Sosten anaukhazika pampando wakutsogolo wa galimoto nkuumanga lamba, ana nkukhala kumbuyo. Masana ankasamalira okalamba, akaweruka nkumayesa yekha zimene ankaona mwamuna wake akuchita, kulephera, kutaya, kuyambiranso, mpaka analowa sukulu ya ntchitoyi, mpaka boma linamupatsa chilolezo, mpaka lero pa Lafayette Road, pakati pa masitolo a anthu a mitundu yonse, pali chitseko cholembedwa mawu a kwathu. Vinyo yense ali m'mashelefumu wapanga ndi iye. Koma mtsuko uwo uli patebulowo sanaumatule, chifukwa womata wake kulibe. Ndinamufunsapo kuti, “Alamu, mudzausunga mpaka liti?” Anandiyankha kuti, “Mpaka eni ake adzanene.” Ndinapita kubafa kukalira.

Ndiye mu Juni muja ndinakwera phiri. Ndinapeza amalume athu a Kenan, amene ndiwo mutu wa banja, ali m'munda akulongedza kachewere m'matumba, chifunga chili m'mawondo, ndipo sanasiye ntchito chifukwa cha ine. Ndinagwada pamzere pomwepo nkunena chimene ndadzera.

Anati, “Iwe Belinda, tisudzule bwanji munthu pa foni? Mwambo suyenda pa waya.”

Ine magazi anandiwira. Ndinati, “Malume, ndiye mwana wa eni akalambe ali m'zakuda chifukwa cha pepala la Amereka? Analakwanji? Anatisamalira m'bale wathu, akulera ana athu yekha, ife tangomumanga nkumuiwala!”

Analeka kusoka thumba lija. Kenako anafunsa kuti, “Kodi mnyamata uja anasiya mtsuko womata?” Ndinati anasiya. Anati, “Nanga bwanji simunanene kale? Bambo ako atamwalira anasiyanso wawo, ndipo anamatula ndi abale awo tsiku losudzula mayi ako. Iwe unali kusukulu ya unamwino. Ngati mtsuko uli kumeneko, mwambo uchitikire kumeneko. Iwe ndi Sosten munayamwa bere limodzi. Pita ukamatule, ukalawe, ukamupatse chikho m'dzina la tonsefe.”

Ndinati, “Malume, ine ndine wa Mvano.” Iwo anangoti, “Mulungu akudziwa kuti ndakutuma ndine,” nkupitiriza kusoka thumba lawo.

Abusa, nkhaniyi ndinakuuzani kale, ndipo munandiyankha kuti lero muyang'ana kudenga. Yambani kuyang'ana. A Lyson Chabwera, inu amene munakhoma mashelefu onsewa osalandira kanthu, amene mwakhala mukubwera kwa mlamu wanga kudzakonza mpope wa madzi umene tonse tikudziwa kuti sunawonongeke, tabweretsani mtsukowo kuno. Musagwetse. Amayi, nthungululu zidikire pang'ono. Alamu, bwerani muime pafupi ndi ine.

Phula ili anamata ndi mlongo wanga, ndipo chala chake chikuoneka apa pamene anadinikiza. Ndaliswa. Mayo ine, fungo ili! Mundipatse kamphindi, anthuni.

Ndalawa. Sindikudziwa kuti vinyo wabwino amakoma bwanji, ndipo sindinama pamaso pa abusa: akuwawasa pang'ono, wadikira nthawi yaitali. Koma mapichesi alimo.

Evelina, mwana wa eni, landirani chikho ichi ndi manja awiri. M'dzina la amalume a Kenan, m'dzina la banja lonse la a Ndau, amoyo ndi ogona paphiri, ndikunena pamaso pa mpingo ndi pamaso pa ana anu: munamukonda m'bale wathu, munamulira mokwanira, ndipo kwa ife mulibe mlandu. Takusudzulani. Imwani, alamu. Mawa muvale chitenje cha maluwa, ndipo mukafuna kuseka muziseka mokweza.

Inu a Lyson, pukutani m'maso, ndipo musathamange. Nkhani zotere zimayenda ndi ankhoswe. Koma ankhoswe anuwo akadzanyamuka, asadzavutike kufunsa kuti kwawo kwa mkaziyu nkuti. Adzabwere ku South Bend, adzagogode pakhomo panga, chifukwa kuyambira lero ine ndine wa kuchikazi.

Tsopano nthungululu zimveke. Olemekezeka nonse, amayi ndi abambo, ndi mtima wodzaza ndi chimwemwe, ndikudula riboni iyi ndi kulengeza kuti nyumba ya vinyo ya Pamtunda, ya Mayi Evelina, yatsegulidwa mwalamulo.

Zikomo kwambiri.