Tsiku Limene Amayi Anatembenukila Kukhoma

Aulutsi, ndine mayi wa ku Kabwata. Amayi anga atadwala sitiloko anagonekedwa m'chipatala, osalankhula, osadya. Tsiku lina tinawapeza atatembenukila kukhoma. Kwathu kum'mawa wodwala akatelo, timati watsazika. Amalume anatuluka kukaimbila abale foni. Ine ndinayandikila bedi lawo.

"Amayi, ndiyang'aneni," ndinawachondelela. Sanatembenuke, koma milomo inali kunjenjemela.

Ndinawelama kuti ndimve mawu awo omaliza. Ndipamene ndinaona kuti maso awo ali pa chithunzi chimene ba nesi anapachika m'mawa: munda wa mpendadzuwa, phili kumbuyo kwake.

"Mwini munda uyu ni waulesi," ananong'ona. "Sanapalile."

Ndinaseka misozi ikutsika. Madzulo amayi anamwa phala, akukalipilabe mwini munda.

Anzanga omvela, musanaitane abale kumalilo, yambani mwaona chimene wodwala akuyang'ana.